Galimoto ya a Greenwell Itsala ku Garaja

A Greenwell Phiri anayamba kugona m'galimoto yawo mwezi wa Ogasiti, mwini nyumba imene ankachita lendi ku Swords ataigulitsa. Sanauze munthu. Akafunsidwa kutchalitchi ankati akukhala kaye kwa mnzawo wina wa kuntchito ku Santry, ndipo wofunsayo ankagwedeza mutu n'kuyamba nkhani ina, chifukwa ku Dublin zaka zimenezo anthu ambiri ankakhala kaye kwa mnzawo wina.

A Kalisto Mwale anadziwa Lamulungu lina atapatsidwa lifiti pochokera ku Misa. M'thumba la chitseko munali mswachi. Pansi pa mpando panali masilipasi, ndipo kumbuyo kunapachikidwa malaya osita bwino, pafupi ndi bulangete lopindidwa ngati la kuchipatala. Kunalinso makatoni odulidwa molingana ndi mawindo. A Kalisto anayang'ana kutsogolo ulendo wonse, n'kuyamikira kuti galimoto zamagetsi sizichita phokoso.

Awiriwa ankaitanana alamu. Malemu Annie, mkazi wa a Kalisto, anali wa kwa Phiri wa ku Bembeke, kwawo kwa a Greenwell, ndipo ngakhale panalibe amene akanatha kulongosola ubalewo, chikumanirane ku Dublin a Greenwell ndi Annie anali achimwene ndi achemwali. A Greenwell anali aakulu pa msinkhu ndi pa mbiri pomwe. Anafika ku Ireland kalekale, ankatsogolera gulu la onyamula zikwama pabwalo la ndege, ndipo Amalawi ambiri a kumpoto kwa mzindawo tulo tawo toyamba m'dzikolo anagona pa sofa yawo. Munthu wotere sapempha pogona. Kumupatsa pogona ndiye ntchito ina.

A Kalisto anayesapo kamodzi. Ankakhala okha m'fulati ya zipinda ziwiri ku Coolock, pafupi ndi fakitale imene ankagwirako ntchito yoyeza mankhwala.

"Alamu, chipinda chija chikungokhala," anatero tsiku lina. "Chayamba ndi kununkha chinyezi."

"Muzitsegula mawindo," anayankha a Greenwell.

Nkhaniyo inathera pomwepo.

Nyumba ankafunafuna ndithu. Akaweruka ankakaima pamzere wa anthu odzaona chipinda chimodzi, mzere wotuluka pageti mpaka kukakhota pakona, ndipo ankabwerako ndi lonjezo loti adzaimbiridwa foni. Galimotoyo anaigula kwa munthu zinthu zikuyenda bwino, n'kukhometsa chaja pakhoma la nyumba. Chajayo inagulitsidwa pamodzi ndi khomalo. Komabe pa galimoto zonse zogonamo, yamagetsi ndiyo yabwino. Hita imayaka mpaka m'mawa popanda kulira kwa injini, popanda utsi, ndipo wodutsa pamsewu sadziwa kuti m'katimo muli munthu. A Greenwell ankasamba kuntchito, ankachapa ndi kusita kumalo olipira, ndipo Lamulungu ankafika ku Misa atavala bwino kuposa anthu okhala m'nyumba.

Mu Okutobala kampani yopanga galimotozo inalengeza kuti ikuitanitsa zonse za mtundu umenewo. M'galimotomo munali kabokosi kamene kamatenga magetsi ku batire yaikulu n'kumadyetsa batire yaing'ono, ya nyali ndi zina zam'kati. Kabokosiko kanapezeka kuti kamatentha kakagwira ntchito nthawi yaitali, ndipo kampani inati isinthira aliyense kwaulere. A Greenwell anapita ku garaja ya kampaniyo, kufupi ndi mafakitale a ku Coolock, poganiza kuti ndi ntchito yodikirira uli pampando. Kumeneko anawauza zinthu ziwiri. Choyamba, galimoto iyenera kutsala. Chachiwiri, alipire ndalama yoyezera.

Kutchalitchi anakanena chachiwiri chokhacho.

"Akuba enieni," anatero m'holo anthu akumwa tiyi itatha Misa. "Recall imeneyi, yoitanitsa galimotoyi, ndi yaulere, anatero okha. Koma akuti ndilipire kaye mayuro one-eighty kuti aione. Kuiona! Ndi maso awo omwe anabadwa nawo!"

"Ndiye mwatani, akulu?" anafunsa mayi Rebecca, amene ankayang'anira za tiyi.

"Ndaitenga galimoto yanga. Sindilipira. Si ndalamayo ayi, koma mfundo yake."

Anthu anavomereza kuti mfundo ndi yofunika. Lamulungu lotsatira a Greenwell anabwereza nkhaniyo, ndipo linalo anaibwerezanso atawonjezera mmene anamuyang'anira mzungu wa pakauntala. A Kalisto ankamvetsera. Ankadziwa kuti malinga ngati mkangano wa ndalamawo ulipo, galimoto sitsala ku garaja, ndipo mlamu wawo ali ndi pogona. Anaona ngati si bwino kulanda munthu mkangano umene akugonamo.

Koma Novembala anafika ndi chisanu. Lamulungu lina atakweranso galimotoyo, a Kalisto anamva fungo la pulasitiki yopserera, fungo laling'ono, lochokera kutsogolo.

"Mukumva kafungo, alamu?"

"Ndi tchipisi. Ndinadyera muno dzulo."

A Kalisto ntchito yawo inali yonunkhiza ndi kuyeza zinthu, ndipo tchipisi ankazidziwa. Sabata imeneyo anawerenga zonse zimene kampani inalemba za kabokosiko, mpaka timawu ting'onoting'ono ta pansi. Lamulungu a Greenwell atayambanso nkhani ya akuba, a Kalisto anadikira kuti anthu achuluke, kenako anaika kapu pansi.

"Tipite tonse Loweruka. Ndikawalankhule ineyo."

"Musavutike, alamu. Anthu aja samva."

"Iyayi, pitani nawo," anatero mayi Rebecca. "A Kalisto akayamba Chingerezi chawo chija, mzungu amapempha madzi akumwa. Mwalira mokwanira, akulu. Tatopa ndi kukupepesani."

Anthu anaseka, ndipo ena anaomba m'manja. A Greenwell anayang'ana uku ndi uku, koma panalibe pothawira. Walira mvula walira matope. Anavomera.

Loweruka masana anakumana pageti la garaja. M'kati munali mowala, pansi ponyezimira, ndipo galimoto zatsopano zinaima ngati zikudikira kujambulidwa. Pakauntala panali bambo wa imvi, magalasi atalendewera pachifuwa ndi kachingwe, dzina lake Gerard. Ataona a Greenwell anapuma mozama, koma anawalonjera mwaulemu.

A Kalisto anadzitchula dzina, n'kupempha kuti awafotokozere bwinobwino za ndalama yoyezerayo.

"Kusintha kabokosi ndi kwaulere, zimenezo palibe akukana," anatero Gerard. "Koma makaniko wathu atatsegula tsiku lija anapeza waya wachilendo, wolumikizidwa ku batire yaing'ono, wopita pansi pa mpando. Malamulo athu amati tikapeza waya amene sanaikidwe ndi kampani, tiyeze kaye ngati si iyeyo wawononga kabokosi. Kuyezako ndiko kolipira."

"Galimoto zina zimene mwasinthira kabokosi zinali ndi waya ameneyu?"

"Ayi."

"Koma munasintha."

"Tinasintha."

"Mukayeza n'kupeza kuti waya ndiye wawononga, mudzatani?"

"Tidzasintha kabokosi. Galimoto ili pamndandanda wa kampani."

"Mukapeza kuti si waya?"

"Tidzasintha kabokosi."

"Ndiye ndalamayi ikugula chiyani?"

Gerard anavala magalasi, anayang'ana pa kompyuta, n'kuwavulanso.

"Ikugula kudziwa," anatero.

"Akufuna kudziwa ndani? Ife sitikufuna."

Apa a Greenwell, amene anali ataima chammbali manja ali kumbuyo, anakhosomola n'kuyandikira kauntala.

"Waya ameneyo ndinalumikiza ndekha," anatero m'Chingerezi chomveka bwino. "Ine si wa zamagetsi. Ndinangoonera pafoni mmene ena amachitira. Pena ndinamata ndi tepi."

"Alamu, khalani chete," anatero a Kalisto m'Chichewa, nkhope ikumwetulira Gerard.

"Ndikunena zoona. Ndife Akatolika."

"Mukundiwonongera mlandu."

"Mlandu ndi wanga." Anatembenukiranso kwa Gerard. "Mwina ndithu ndi wayayo wawononga. Inuyo musagonje chifukwa cha Chingerezi cha bambo awa. Malamulo ndi malamulo."

Gerard anayang'ana wina, n'kuyang'ananso wina. Pa zaka zonse zimene wakhala pakauntalapo anali asanaonepo munthu wobwera ndi loya n'kumathandiza mbali inayo.

"Ndiye mulipira?" anafunsa.

"Ayi," anatero a Greenwell. "Sindilipira. Koma inunso musasinthe maganizo."

"Wayayo ndi wa chiyani, ngati ndingafunse?"

"Wa ketulo."

"Ketulo."

"Ndimakonda tiyi."

Gerard anayang'ana panja pawindo, pamene galimoto ya a Greenwell inaima, malaya akuoneka kumpando wakumbuyo. Kenako anati akalankhule ndi bwana wake, ndipo anapempha kiyi kuti makaniko aonenso kutsogolo pamene akudikira. A Greenwell anapereka kiyi mochedwa, ngati akupereka dzino.

Anakhala pa mipando yofewa pafupi ndi makina a khofi waulere. A Greenwell anamwa kapu imodzi, n'kutenga mabisiketi awiri, ena kuika m'thumba.

"Muona, akana," anatero. "Anthu awa sagonja. Ndawadziwa kalekale."

"Tiona."

"Mwayesetsa, alamu. Mulungu waona. Akakana tizingopita, ndikakusiyeni kwanu."

A Kalisto anali kuwerenga chikwangwani cha mitengo ya matayala.

Gerard anabwera akumwetulira pang'ono, mmene amamwetulira munthu wobweretsa uthenga wabwino umene sakudziwa ngati ulandiridwa.

"Bwana avomera. Ndalama yoyezera yachotsedwa. Waya uja tichotsa ife, kwaulerenso. Simulipira kalikonse."

"Zikomo kwambiri," anatero a Kalisto.

A Greenwell anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye muchita lero?"

"Vuto lake ndi limenelo. Timabokosi tatha. Tikudikira ena kuchokera kufakitale, kunja kwa dziko. Milungu ingapo, mwina mwezi, sindikufuna kukunamizani." Gerard anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chimene makaniko anajambula. Polowera mawaya m'kabokosi panali patada, pulasitiki itasungunuka ngati kandulo. "Tsiku lija sipanali chonchi. Chikukula."

"Galimoto yobwereka ilipo?" anafunsa a Greenwell.

"Zonse zili kunja. Ndikulembani pamzere."

"Ku Dublin kuno chilichonse n'chapamzere," anatero a Greenwell m'Chichewa. Kenako m'Chingerezi: "Nanga ndikafuna kuitenga?"

"Ndi yanu, sitingakuletseni. Mungosayina kuti takuchenjezani." Gerard anaika kiyi pa tebulo pakati pawo. Anasankha mawu ake bwino. "Koma wanga m'bale sindingamulole kukhala m'menemo nthawi yaitali hita ikuyaka. Ndikubweretserani makatoni, mwina muli ndi katundu wofuna kuchotsa. Musafulumire. Titseka madzulo."

Awiriwo anatuluka panja. Kunali kamvula kowaza, kosanyowetsa msanga koma kosaleka. A Greenwell anatsegula chitseko, n'kukhala pa mpando woyendetsera, miyendo ili kunja. A Kalisto anaima pafupi ndi mulu wa matayala akale. Posakhalitsa Gerard anabwera ndi makatoni, anawasiya pansi pa kadenga, n'kubwerera osayang'ana m'galimoto.

"Mwapambana mlandu," anatero a Greenwell. "Lamulungu akakuomberani m'manja."

"Tapambana tonse."

"Ine ndikasayina pepala lawolo. Galimoto ndimaidziwa ndine. Hita ndiziyatsa pang'onopang'ono."

"Mwaona chithunzi chija."

"Zithunzi amajambula kuti aopseze anthu."

"Alamu, chipinda chija..."

"Ndinakuyankhani kale za chipinda." Mawu a a Greenwell sanakwere, koma anauma. "Mnzanga wa ku Santry alipo. Ine sindine mwana wasukulu wongotsika ndege, woti anthu azindifunira pogona. Mukandiika m'chipinda chanu, Lamulungu Rebecca adziwa, Lolemba ku Bembeke adziwa, Lachiwiri mayi anga ayamba kulira kuti mwana wawo akusungidwa ndi mkamwini. Ayi. Zikomo, koma ayi."

Anatenga kiyi n'kuimirira kuti alowe akasayine.

A Kalisto anayang'ana matayala aja. Panali chinthu chimodzi chimene anali asanauzepo munthu, ndipo sankafuna kuchinena pano, pabwalo la garaja, mvula ikuwaza. Sankafuna kuchinena kwina kulikonse. Koma mlamu wawo anali atayenda kale masitepe angapo.

"A Phiri."

A Greenwell anaima. Mlamu wawo sankawaitana choncho.

"Ndili nanu mlandu wina. Umenewu ndi wanga."

"Mlandu wanji?"

"Simunagone pamaliro a achemwali anu."

A Greenwell anatembenuka.

"Alamu, mukudziwa kuti nthawi imene ija..."

"Ndikudziwa. Munabwera ndi nkhuku ndi ufa, munasiya pakhomo, munagogoda, n'kubwerera kukaima pamsewu mutavala masiki. Munandikwezera dzanja. Ena onse anachita chimodzimodzi. Pakhomo panadzaza zakudya, m'nyumba munalibe munthu." A Kalisto ankalankhula ngati akuwerenga zotsatira za kuntchito. "Kwathu munthu akamwalira, pakhomo pamagona anthu. Akuchikazi ndiye sachoka. Annie anapita popanda amene anagona pakhomo pake ngakhale tsiku limodzi. Ndinatulutsa mipando pabalaza, monga timachitira, kenako ndinaibwezamo ndekha."

"Boma linaletsa. Matenda aja..."

"Boma linaleka kuletsa kalekale."

Kamvula kanapitiriza. M'garaja wina ankamasula mabawuti ndi makina olira ngati mfuti ya ana. A Greenwell anayang'ana kiyi m'dzanja mwawo kwa nthawi yaitali.

"Bwanji simunanene?"

"Mkamwini sakumbutsa akuchikazi mwambo wawo."

"Zaka ziwiri zonsezi."

"Ndimadikira kuti mukumbuke nokha."

A Greenwell anapukuta madzi pankhope ndi chikhatho. Anayang'ana a Kalisto m'maso, kufuna kuona ngati ndi nzeru chabe za munthu wophunzira zofuna kuwakokera m'chipinda. Nzeruzo zinalimo, ndipo anaziona. Koma anaonanso kuti mlamu wawo akuyang'ana kumbali ndipo nsagwada zauma, ndiye anadziwa kuti za mipandozo zinachitikadi.

"Mwalakwa kukhala nazo chete," anatero pomaliza, mawu atabwerera m'malo mwake, mawu a munthu wamkulu wodzudzula wamng'ono. "Zimenezi si zosunga mumtima. Achemwali anga si nkhuku yoti ife n'kuiwalika. Kwathu akamva kuti ine ndinali konkuno ndipo sindinagone pakhomo, mbuzi ya chindapusa sindingaithawe."

"N'chifukwa chake sindinawauze."

"Bweretsani makatoniwo."

Analongedza katundu. Malaya, bulangete, pilo, masilipasi, ketulo, kabokosi ka tiyi, nsapato za ku Misa zokulungidwa m'nyuzipepala, Baibulo, ndi mbale imodzi yachitsulo. Katundu wa munthu wa zaka makumi awiri m'dziko la eni analowa m'makatoni ojambulidwa zithunzi za mabuleki. Zina, anatero a Greenwell osafunsidwa, zili m'kontena yosungitsa katundu ku Ballymun. Makatoni a m'mawindo aja anawapinda n'kuwaponya m'bini.

Gerard analandira kiyi, n'kulemba nambala ya foni.

"Ndikuimbirani kabokosi kakafika."

"Musachite changu," anatero a Greenwell. "Tili ndi maliro."

Gerard anavula magalasi.

"Pepani kwambiri. Sindinadziwe. Ndi liti?"

"Ayamba lero."

Gerard anawaitanira takisi, ndipo anawathandiza kunyamula makatoni mpaka pageti.

Atafika ku fulati, a Kalisto analunjika kuchipinda chija ndi katoni yoyamba. Anali atayala kale bedi m'mawa, asanapite ku garaja.

"Mukupita kuti ndi katundu wanga?"

"Kuchipinda."

"Pamaliro munaonapo munthu akugona pabedi? Amuna amagona panja."

A Kalisto anatsegula chitseko cha kukhonde. Khondelo linali loyanikapo matawulo, ndipo munthu akanagonapo miyendo ikanalendewera pamwamba pa msewu. A Greenwell analiyeza ndi maso, n'kuyang'ananso mitambo.

"Pabalaza," anagamula. "Koma pansi. Sofa iyi isunthe. TV muiphimbe ndi nsalu."

Anakankha sofa mpaka kukhoma, tebulo n'kulilowetsa kukhitchini. A Kalisto anapeza chitenje m'kabati n'kuphimba TV. Pabalaza panatsala kapeti ndi nyali. A Greenwell anayala bulangete lawo pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba, n'kuika pilo, masilipasi pambali pake, molongosoka monga ankachitira m'galimoto.

A Kalisto anaima pakhomo la khitchini. Ankafuna kudziwa chinthu chimodzi, koma mlendo safunsidwa tsiku lonyamuka. Anazungulira.

"Kwathu ku Mchinji ena amagona masiku awiri, ena atatu. Kaya kwanu."

"Maliro amatha pometa," anatero a Greenwell akuvula nsapato. "Ndipo tsiku lometa amanena ndi akuchikazi, osati inu."

"Munena liti?"

"Ndidzaona. Maliro awa anachedwa kuyamba, sangathe mothamanga. Tsitsi lanulo mulisiye, musapite nalo kwa ometa mpaka nditanena. Rebecca ndimuuza ndekha mawa, amayi abwere madzulo ena adzaimbe. Aliyense amene anasiya nkhuku pakhomo n'kuthawa abwere adzakhale pansi."

Zimenezi a Kalisto sanaziyembekezere. Ankaganiza za munthu mmodzi ndi bulangete limodzi.

"Sikofunika kuvutitsa anthu, alamu."

"Simukufunsidwa."

A Kalisto anati akateleke madzi a tiyi, koma a Greenwell anakweza dzanja.

"Tiyi pambuyo. Khalani pansi."

A Kalisto anayang'ana sofa, kenako anakhala pa kapeti, msana kukhoma, mawondo akulira. A Greenwell anakhala moyang'anizana nawo, miyendo itatambasulidwa, manja pa ntchafu. Anakhala chete kanthawi ndithu, mitu ili pansi, monga amachitira ofika pasiwa. Panja basi inaima, n'kunyamukanso. Kenako a Greenwell anaomba m'manja mofatsa katatu.

"Alamu, tafika. Tinamva uthenga. Pepani ndi zimene zakugwerani. Tiuzeni mmene matenda anayendera."

"Mukudziwa kale zonse."

"Ndinamva pafoni. Za pafoni si za pamaliro."

"Zinali ngati za ena onse nthawi imene ija."

"Ena onse sanali achemwali anga. Yambani poyambira."

A Kalisto anayang'ana chitenje chophimba TV. Anayang'ana manja awo. Nkhaniyo anali ataifotokoza kwa madokotala, kwa ansembe, ndi kwa apongozi awo pafoni yodukaduka, nthawi zonse mwachidule, m'mawu osapitirira asanu kapena khumi. Tsopano womvera anali atakhala pansi, nsapato atavula, ndipo analibe kwina kopita.

"Anayamba ndi kudandaula mutu," anatero. "Anali atangobwera kuntchito, kunyumba ya okalamba kuja. Anati mwina ndi njala, n'kupempha kuti ndimuphikire phala."

"Eya," anatero a Greenwell. "Munaphika?"

"Ndinaphika. Linali ndi mibulu. Anadya pang'ono, n'kunena kuti sindidzaphunzira."

"Amanena zoona. Pitirizani."